Udzu Umene Anabzala Bambo

Kuseri kwa nyumba yathu ku Rockingham, kufupi ndi mzinda wa Perth, kuli kachigawo ka udzu kamene ndinaletsa munthu aliyense kukakhudza. Amuna anga akamatchetcha kapinga Loweruka amakalambalala ndi makina awo, ndipo anasiya kalekale kundifunsa kuti tidzakachotsa liti. Udzuwo uli m'mizere yowongoka, phando lililonse kutalikirana ndi linzake mofanana, ngati wina ankayembekezera kudzakololapo chimanga. Pakati pake pali malo opanda kanthu. Anaubzala ndi bambo anga, atagwada pamchenga wotentha, munthu amene moyo wake wonse anali mdani wa udzu.

Bambo anali mlangizi wa zaulimi kwathu ku Kasungu, komanso mkulu wa mpingo, ndipo ntchito ziwirizi sankazisiyanitsa kwenikweni. Ankati munda wodzala udzu ndi kalata imene mlimi amalembera mudzi wonse kuudziwitsa kuti iye ndi waulesi. Pakhomo pathu bwalo linkasesedwa mpaka kuwala, moti nyerere ikamadutsa unkaionera patali. Koma mdani wawo wamkulu anali kaufiti, kachomera ka maluwa ofiira kaja kamene kamamata mizu yake pa mizu ya chimanga n'kumayamwa mpaka chimangacho kupinimbira. Akakaona m'munda wa munthu ankatsika panjinga, n'kukazula okha, mwini munda asanawalonjere n'komwe.

Ine ndinabwera ku Perth ndi maphunziro amenewo m'mutu, ndipo nthaka ya kuno inandiseka. Kuno kulibe dothi, kuli mchenga wotuwa umene ukauthira madzi amangogubuduka pamwamba ngati pamsana pa bakha. Ndinaunga mizere, ndinabzala chimanga, maungu ndi therere, feteleza ndinathira mosaumira. Zinkamera bwino ndithu. Kenako mu Januwale kunkabwera chimphepo chotentha chochokera kuchipululu, pofika madzulo masamba onse ali lende, tsiku lachitatu auma. Zaka zitatu ndinalimbana nawo mchenga umenewo. Ndine wa mtima wapachala, sindikana, ndipo tsiku lina ndinaulalatira mokweza mpaka mzungu woyandikana nafe anasuzumira pampanda kufunsa ngati kuli bwino.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti kutchire, kumene sikupita munthu ndi ndowa, zinthu zinkachita maluwa. M'mbali mwa msewu wopita ku Kwinana, kumene amuna anga amagwira ntchito kufakitale, muli mitengo ina imene chaka chonse simungaiyang'ane kawiri. Koma Disembala akafika, dzuwa litapsereza chilichonse, mitengoyo imayaka. Nthambi iliyonse imathera ndi chingayaye cha maluwa achikasu chofiirira, ngati burashi imene aiviika mu penti n'kuiimika kuti iume. Azungu amautcha mtengo wa Khirisimasi. Ine ndinkangoti mtengo wa burashi.

Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Mnzanga wina kumeneko, mayi wa mtundu wa eni dziko lino akale, anandiuza tsiku lina tikumwa tiyi kuti kwawo mtengo umenewu sauthyola maluwa, ndipo sakhala pamthunzi pake mwachisawawa. Amati mizimu ya anthu amene angomwalira imayamba yapuma pamenepo isanapitirize ulendo. Ndinangoti "Oho," monga mwana wa mkulu wa mpingo, n'kuiwalako.

Ndinadzakumbukira mayi anga atamwalira. Inali nthawi ya mliri uja, malire a dziko lino atatsekedwa, wotuluka osadziwa ngati adzaloledwa kubwerera. Maliro a mayi ndinawaonera pafoni, nditakhala m'galimoto panja pa ntchito, yunifolomu ili m'thupi. Mlongo wanga, amene anatsala kumudzi, ndiye anagwira foniyo kumanda. Ndinaona misana ya anthu, thambo, nsapato za munthu wina, ndipo pamene ankayamba kutsitsa bokosi netiweki inathawa. Itabweranso, anali akuika nkhata. Sindinaponye dothi, sindinalire ndi munthu aliyense. Ndinapukuta nkhope n'kulowanso kukadyetsa mayi a eni ake.

M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho ndinapita kunazale yogulitsa zomera zam'tchire kukafunsa mtengo wa burashi. Mayi wogulitsayo anandichenjeza kuti ambiri amaupha, ndiponso kuti umatenga zaka zambirimbiri usanachite maluwa. Ndinati palibe kumene ndikuthamangira. Anandipatsa kachubu momwe munali kamtengo kotalika ngati chala, kozunguliridwa ndi udzu. Dzanja langa linayamba lokha kuzula udzuwo pomwepo, ndipo mayiyo anandigwira mkono. Anandifotokozera kuti mizu ya mtengowu imafunafuna mizu ya udzu ndi ya zomera zina, n'kuiveka timphete, n'kumamwa madzi pamenepo. Ukachotsa udzu mtengo uli waung'ono, waupha. Malamulo ake anali atatu: osapalira, osathira manyowa kapena feteleza, osakumba pafupi.

M'galimoto ndinaseka ndekha, kuseka koyamba chimwalirire mayi. Mwana wa mlangizi wagula kaufiti, wam'khazika pampando wakutsogolo, wam'mangiranso lamba.

Ndinakabzala pakona ya mpanda, n'kuwonjezera udzu wina mozungulira. Pamenepo ndipo panakhala manda a mayi anga, poti ena ndinalibe. M'mawa ndisanapite kuntchito ndinkaima pamenepo ndi kapu ya tiyi n'kumawauza za ana, za mawondo anga, za nkhalamba ina kuntchito imene inkandilavulira mankhwala. Sindikunena kuti ndinkakhulupirira kuti ali m'kamtengoko. Ndinkangofuna malo oimapo. Zaka zinayi zinapita, kamtengo kanandifika m'mawondo, masamba ake owonda ngati singano zazikulu, duwa ayi. Udzu wozungulira unakula mmene unafunira, ukuuma m'chilimwe, ukuphukanso mvula ikagwa. Amene ankadziwa tanthauzo la pakona paja anali amuna anga okha.

Nthawi yonseyi bambo anali okha m'nyumba kumudzi. Mlongo wanga ankandiuza kuti chakudya akungochilawa, ndipo kuthamanga kwa magazi kwawavuta. Ine tsiku lililonse ndinkasambitsa abambo a anthu ena, kuwameta ndevu, kuwamanga mabatani, anga akugona ndi njala kutsidya kwa nyanja. Zinkandidya mumtima. Tinagwirizana ndi amuna anga kuti bambo abwere pa viza ya alendo, kenako tiwafunsire yokhalitsa. Kuti imeneyo itheke ankafunika kukayezedwa ndi dokotala, ndipo ine ndinatsimikiza mtima kuti zivute zitani, bambo sabwereranso kukakhala okha.

Anafika mu Seputembala, atavala jekete ya mpingo, ataonda mpaka kolala kumangozungulira pakhosi. Pabwalo la ndege anachedwa kutuluka, ndipo atatuluka anali akuseka. M'sutikesi anali ndi khasu latsopano lopanda mpini, lokulungidwa m'thaulo. Oyang'anira katundu analitembenuza uku ndi uku kufuna dothi, sanalipeze, analibweza.

"Ndamva kuti munda wakukanikani," anatero m'galimoto. "Mlangizi wafika."

Amuna anga anawagulira mpini kusitolo ya zipangizo, ndipo bambo anaukhoma okha tsiku lomwelo. Koma m'mawa mwake nditawayeza magazi, nambala imene ndinaiona inandiopsa. Ndinaganiza za dzuwa la kuno, ndinaganiza za dokotala wa viza, ndipo ndinatenga khasu lija n'kukalibisa m'galaja, kuseri kwa matumba a manyowa a nkhuku amene amuna anga amathira pakapinga. Bambo atalifunsa ndinati tiyambe taonana ndi dokotala. Iwo anangogwedeza mutu.

Ndiye anayamba kukhala. Kwathu munthu wamkulu akakhala pakhonde, ndiye kuti ofesi yatsegulidwa: odutsa amapatuka, ena ndi mlandu, ena ndi mbuzi yodwala. Kuno anakhala pakhonde m'mawa wonse, msewu uli zii, zitseko za magalaja zikutseguka zokha n'kumeza magalimoto. Ankalonjera anthu oyendetsa agalu, iwo n'kukweza dzanja osaima. Adzukulu awo awiri ankawamva akamalankhula koma ankayankha m'Chingelezi chothamanga cha kuno, agogo n'kumangoti "Eya, eya." Ife makolo tinali m'mashifiti. Chichewa chokwanira ankachimva Lamulungu lokha, tikapita kutchalitchi ku Girrawheen, ulendo wautali kudutsa mzinda wonse, ndipo pobwerera ankangoyang'ana pawindo. Ankatsuka mbale zotsuka kale. Ndikawaletsa ankati, "Nanga ndizingodya?"

Pakona paja anapaona tsiku loyamba lomwe.

"Kodi amayi, pamenepo mukuweta njoka?" Akafuna kundiseka ankanditcha amayi.

"Musapalabadire, bambo. Ndi za kuno zimenezo."

Anandifunsanso kawiri masiku ena, ndipo kawiri konse ndinazemba. Ndaganizira kwambiri chifukwa chake. Choyamba, mwana wamkazi sakhazika bambo ake pansi n'kuwaphunzitsa ulimi, makamaka bambo amene anaphunzitsa dera lonse. Chachiwiri, ndikanayamba bwanji kuwauza kuti ndikulera mbale wake wa kaufiti? Koma chachikulu chinali manyazi. Ndinkaopa kuti mkulu wa mpingo akamva kuti ndimalankhula ndi mayi pamtengo umene ena amati pamapuma mizimu, adzandiyang'ana ngati ndataya chikhristu. Mawu ochepa chabe akanakwanira, koma ndinawameza.

Linali Lachinayi, kumapeto kwa Novembala, tsiku la chimphepo chotentha chija. Ndinaweruka shifiti ya m'mawa, ndipo nditafika ndinapeza chitseko cha galaja chili chotsegula. Ndinazungulira kuseri. Bambo anali ataima pakona, khasu lili m'manja, malaya atanyowa ndi thukuta mpaka m'chiuno, nkhope ikuwala monga sindinaione chifikire. Udzu wonse unali utapita. Anali ataupalira mpaka mizu, n'kuutaya m'bini ya zinyalala za m'munda. Mchenga anauunjika bwinobwino kukhala kamtumbira kotalika, n'kukazunguliza ndi miyala yoyera imene anatola m'mphepete mwa mpanda. Pamwamba anasesapo. Kamtengo kanga kanaima kokha kumutu kwa kamtumbirako, patsinde pake atathirapo manyowa a nkhuku mosaumira.

"Taonani tsopano," anatero. "Kayamba kupuma."

Chikwama chinandigwa m'manja. Zimene ndinanena ndimazikumbukira zonse, ngakhale ndikanakonda kuziiwala.

"Mwatani, bambo? Ndani wakutumani? Mwaupha! Zaka folo ndikuusamala, inu tsiku limodzi mwaupha! Mtengo uwu umadya pa udzu umenewo!"

"Pa udzu?"

"Eya, pa udzu! Kuno si ku Kasungu. Zimene mumadziwa inu kuno sizigwira ntchito. Ndinakuuzani kuti muzingokhala. Palibe chimene tikufuna kwa inu, bambo. Muzingodya, muzigona, basi!"

Kuwala kuja kunachoka pankhope pawo pang'onopang'ono. Anavula chipewa, ngati akulankhula ndi bwana. Anayedzamiritsa khasu kumpanda, n'kunena motsitsa kuti, "Pepani, mayi." Ulendo uno sikunali kundiseka. Analowa m'nyumba, ndipo ine ndinagwada n'kuyamba kupala manyowa aja ndi manja, ndikulira ndi mkwiyo.

Amuna anga atafika madzulo ndinawalandira ndi nkhaniyo asanavule n'komwe nsapato za kuntchito. Anamvetsera, kenako anakhala pansi pasitepe, n'kugwira mutu.

"Mayi a ana, wolakwa ndine. Dzulo apongozi anandiitana. Anati, akamwini, mkazi wanuyu akundibisira chiyani pakona paja? M'mawa uliwonse amaima pamenepo milomo ikugwedera. Ndiye ndinawauza."

"Munawauza chiyani?"

"Kuti ndi pa amayi. Kuti poti simunapite kumaliro, manda anu ndi amenewo. Za udzuzo sindinaganizeko."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anangofunsa kuti khasu lili kuti."

Ndinabwerera kuseri n'kuyang'ananso. Mkwiyo unali utanditseka maso masana aja. Kamtumbira kotalika, miyala mozungulira, mtengo kumutu. Bambo sanali kulima munda. Anali kulambula pamanda a mkazi wawo, monga timachitira kwathu, poti manda omera udzu ndi chitonzo kwa otsala. Sanandiyese wotaya chikhristu. Anaona mwana wawo akulira pamalo osasamalika, ndipo anachita chinthu chimodzi chimene ankadziwa kuchita bwino kuposa munthu aliyense.

M'mawa mwake ndinawapeza kuseri, atagubuduza bini ija, akusankhula udzu pachiguduli. Ndinagwada kumbali kwawo monga ndinkachitira ndili mtsikana.

"Bambo, ndinalakwa dzulo. Pakamwa panga..."

"Palibe mlandu," anandidula. "Tabwera uone."

Anandionetsa muzu wa udzu. Unali utavala kamphete koyera, kolimba ngati mkanda, ndipo pambali pake panali kamuzu kena kodukira pomwe khasu linadutsa. Anapeza mizu ina yotero, ndi inanso. Anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, akuitembenuza ndi chikhadabo, mlangizi uja atadzukamo.

"Kaufiti," anatero.

"Ndi mtundu womwewo, bambo."

"Ndiye ndadula pakamwa pake ponse."

Sanandidzudzule kuti bwanji sindinawauze. Ndikanakonda akanandikalipira. M'malo mwake anasalaza kamtumbira kaja, anabweza miyala kumpanda, anatenga chingwe ndi timitengo tiwiri, n'kuyamba kubzala udzu. Sankadziwa kubzala chinthu mwachisawawa, choncho anaubzala m'mizere, akuyeza mpata ndi chikhatho. Umene unali utauma anaulowetsa m'malo ndi wina wozula kuseri kwa galaja. Ndinawauza za dzuwa, za magazi awo, koma mawu anga anali atatha mphamvu, ndipo ndinalibenso nkhope yowaletsa. M'mawa ndi madzulo ankatunga madzi m'ndowa n'kumathira phando lililonse ndi kapu. Masana ankaimika katoni kuti kamtengo kakhale pamthunzi. Udzu unagwira. Kamtengo kanayamba chikasu kunsonga.

Lamulungu lina mu Disembala tikuchokera kutchalitchi, tinadzera msewu wa ku Kwinana, ndipo mitengo ya burashi inali itayaka. Ndinawalozera. Bambo anapempha kuti tiime. Anatsika, anayenda mpaka pawaya wa mpanda, ine ndikuwatsatira. Panali umodzi waukulu pakati pa thengo louma, wonse uli psuu, njuchi zikulira mpaka kumveka pamene tinaima.

"Ndi umenewu?"

"Ndi umenewu, bambo."

"Amako akanaukonda. Ankakonda zinthu zaphokoso."

Kenako maso awo anatsika pansi, monga mwa chizolowezi chawo. Anayang'ana udzu ndi zitsamba zozungulira mtengowo, kufuna zopinimbira, ndipo sanazipeze.

"Uwu ndi wanzeru," anatero. "Ukutapa pang'onopang'ono kwa ambiri, ndiye palibe akudandaula. Kwathunso nkhalamba imakhala choncho. Apa phala, apo nkhani, uko kamtedza. Koma kuno ine ndamata pa munthu mmodzi."

"Bambo, musatero. Ine sindinadandaule."

"Sunadandaule. Chimanga nachonso sichidandaula."

Ndinalira pamsewu pomwepo, magalimoto akudutsa. Ndinawauza kuti mawu aja anali a mkwiyo chabe, kuti tikuwafuna, kuti ana akuwazolowera. Anandisisita paphewa, n'kunena kuti tiyeni, akamwini akupsa m'galimoto. Madzi akatayika saoleka, ndipo ine ndinali nditawataya ndi manja anga.

Kamtengo kanafa mu Febuluwale. Sikanafe tsiku limodzi. Masamba anayoyoka kuyambira pansi, tsinde linachita makwinya, ndipo bambo ankathirabe madzi. Tsiku lina anakanda khungwa ndi chikhadabo, mkati munali mouma. Anakazula okha, n'kukakulunga m'thaulo lija linabweretsa khasu, n'kundipatsa ndi manja awiri. Sabata yomweyo kalata ya tsiku lokaonana ndi dokotala inafika. Ndinawawerengera, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Imeneyo ibwezeni," anatero. "Mlendo ndi mame. Komanso mvula yagwa kwambiri kumudzi chaka chino. Mlongo wakoyo ndikumudziwa, pa amako pamera thengo."

Ndinachonderera. Ndinatuma amuna anga, ndinatuma abusa, ndinafika powopseza kuti sindiwagulira tikiti. Iwo sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Ndinati tigule kamtengo kena tibzale limodzi, udzu ulipo kale. Anati ndi bwino, koma ndidikire nyengo yozizira, poti mlimi sabzala pa dzuwa lotere. Nyengo yozizira isanafike anali atapita. Khasu analisiya, atalitsuka, atalipachika m'galaja poonekera.

Tinkalankhulana pafoni Lamulungu lililonse. Ankafunsa za ana, za shifiti, ndipo pomaliza ankafunsa ngati udzu uli moyo. Ndinkati uli moyo. Ankafunsa ngati ndabzala kena. Ndinkati ndibzala. Kawiri ndinafika pageti la nazale ija n'kubwerera. Ndinkaopa kuti kakafanso, ndiye kuti palibenso wina womunamizira.

Kumudziko anakhala chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Anagwa m'mawa wina akuchokera kumanda, khasu lobwereka lili paphewa, ndipo pofika kuchipatala anali atatsirizika. Ulendo uno malire anali otsegula. Ndinakwera ndege zitatu, ndinafika, ndinalira ndi anthu, ndinaponya dothi. Anawaika pambali pa mayi.

Anthu atabalalika ndinapempha mlongo wanga kuti tsiku lotsatira andiperekeze, ndikaone bwino manda a mayi, amene ndinali ndisanawaonepo ndi maso. Titafika panali poyera, posesedwa, miyala itandandalikidwa mozungulira, mikwasa ya khasu ikuonekabe. Koma kumutu kwake kunali kachigawo ka udzu, kobiriwira pakati pa chilimwe, kobzalidwa m'mizere. Pakati pake panali kadzenje kakang'ono kokumbidwa bwino, kopanda kanthu.

"Tinayesa mutu wayamba kusokonekera," anatero mlongo wanga. "Munthu wodana ndi udzu ngati iwo aja. Ankauthirira ndi kapu. Ndinafuna kuupalira tsiku lina, anandithamangitsa."

"Ankati n'ngwachiyani?"

"Ankati, usakhudze. Mlongo wako ali ndi mtengo wa amake umene sukhala wokha. Akadzabwera nawo apeze pokonzeka."

Anandiyang'ana m'manja, ngati mwina ndabwera nawo. Ndinali ndi foni ndi mpango wopukutira misozi, basi.